Ndalama ya Pamchombo

Che Yusufu anali ndi golosale m'tauni ya Dedza, kufupi ndi pokwerera mabasi, ndipo anthu ankawadziwa ngati bambo wosachulutsa nkhani. Ukagula sopo, ankakupatsa sopo, chenji pamwamba, n'kukuuza kuti uyende bwino. Koma ukangoyerekeza kutchula za ndalama zakale, aaa, wadziputira wekha. Sopo uja unkamulandira dzuwa litapendeka, akunyumba atayamba kale kukufunafuna.

Kuseri kwa shelefu ya shuga kunali kachitini kakale ka tiyi, ndipo m'kachitinimo, pakati pa thonje, munkagona ndalama zagolide zimene Che Yusufu anatolera moyo wawo wonse. Sizinali zambiri ayi, zonse zikanakwana m'dzanja limodzi. Zina zinabwera ndi madoda amene anapita ku Joni wapansi kalekale, ndipo zinali ndi munthu wokwera hatchi akubaya chinjoka. Ina inali ndi mzungu wandevu ngati tsache. Ina, yopyapyala ngati tsamba, inali ndi zilembo za Chiarabu, ndipo imeneyi anawasiyira agogo awo amene ankasenza minyanga ya njovu kupita nayo kunyanja yamchere. Nthawi ya chipani chimodzi kachitiniko sikankatuluka, chifukwa munthu sunkadziwa kuti amene wakhala naye pabenchi akanena zotani ndipo kwa yani. Koma matipate itabwera, pakamwa pa aliyense panamasuka. Ena ankakangana za zipani mpaka thovu, Che Yusufu ankakamba za golide wawo.

“Golide wanji wosagula ngakhale mchere?” ankatero akazi awo, mayi Amina, akawapeza atayala thonje pakauntala.

“Iwe sudziwa,” ankayankha. “Iliyonseyi inayenda ulendo. Ukawerenga chaka chake, umadziwa kumene inayambira, kenako umatsatira mapazi ake.”

Chaka ndicho chinali chokoma chawo. Ankatenga galasi lokuzira zinthu, n'kuwerenga manambalawo pang'onopang'ono, kenako n'kukhala phee, akuganizira za manja amene ndalamayo inadutsamo. Ndiye panali ndalama imodzi imene sinali m'kachitinimo, imene anaigwirapo kamodzi kokha, ndipo chaka chake anangochiwerenga theka. Imeneyo ndiyo inkawadya mtima.

Zinachitika dziko litangolandira ufulu, iwo ali mnyamata wongokwatira kumene. Mayi wina wa ku Kaphuka, dzina lake Elena, anabwera kudzagula mchere atabereka khanda. Khandalo linayamba kulira, mayiyo analitsitsa pakhonde kuti aliyamwitse, ndipo kansalu kamene kanamangidwa pamimba pa mwanayo kanamasuka. Kanthu kena kanagwera pasimenti, ngwii! Kulira kwakeko sikunali kwa shereni kapena kobiri. Che Yusufu analumpha kauntala n'kukatola.

Inali ndalama yolemera, yakuda bii ndi mafuta a nsatsi ndi litsiro la zaka. Mbali imodzi inali yosalala ngati mwala wa mumtsinje. Mbali inayo inali ndi mtanda wa mikono yotambalala, mawu achilankhulo cha ansembe atazungulira m'mphepete, ndipo pamwamba pake panali manambala. Anaona 1, anaona 7, koma awiri otsatirawo anali atakwiririka m'litsiro. Anangokweza chikhadabo kuti apale, dzanja la mayiyo linafika kale.

“Bwezani, bambo, si yoseweretsa iyo.”

Mwana atakhuta, a Elena anafotokoza, koma ndalamayo ili m'nkhonya. Kwawo, anati, ndi mtundu wa michombo ikuluikulu. Mwana akabadwa mchombo uli tuu, amamumanga ndalamayi pamimba ndi kansalu mpaka mchombowo utalowa. Inabwera ndi agogo a agogo awo kuchokera kwa Apwitikizi, cha ku Zambezi, ndipo chiyambire sinagonepo m'bokosi nthawi yaitali. Mbali yosalalayo inatha ndi mimba za makanda, chifukwa mtanda sankauyang'anitsa kumimba. Mtanda unkayang'ana kunja, kuti choipa chikamabwera chikumane nawo poyamba.

Kuyambira tsiku limenelo a Elena anakhala kasitomala wa pagolosalepo. Akakumba kachewere ankabwera kudzagulitsa mumsika, n'kudutsa kudzagula mchere ndi palafini, ndipo Che Yusufu ankawaikira banyira. Khanda lija, Anselmo, linakula, linamera ndevu, linakwatira. Che Yusufu ankafunsa za ndalama ija mozungulirazungulira, ngati akufunsa za mvula. Yankho linali lomwelo: ili ku Linthipe pamimba pa mwana wa mng'ono wanga, yawoloka malire kwa achimwene, ili kwa uje amene wachira mwezi wathawu. Mtundu wobereka ngati umenewo, ha! Tsiku lina Che Yusufu analephera kudzigwira, ananena kuti akhoza kuwafolerera nyumba ndi malata ngati angawasiyire ndalamayo. A Elena anangomanga mchere wawo n'kutuluka, ndipo dzinja linapita, lina n'kupitanso, osapondanso pagolosalepo. Atabwereranso, Che Yusufu anali ataphunzira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anadziuza choncho, ndipo sanaitchulenso.

Koma kudekha kumafuna munthu wokhala ndi nthawi. Chaka chimene anthu anavota zipani zambiri, chifunga chija chimatsika pa Phiri la Dedza m'mawa chinayamba kuchedwa kuchoka m'maso mwa Che Yusufu. Kale akaima pakhonde ankaona mitengo ya paini umodziumodzi m'phirimo, tsopano ankangoona mdima wobiriwira. Malole a matabwa ankawamva kaye asanawaone. Kuchipatala anawauza kuti ndi matenda a shuga, ndipo maso akapita ndi shuga sabwerera. Diso lamanzere linali litatha. Lamanja linkawerengabe, koma pokhapokha ndi galasi lija, pakhomo, dzuwa lili paliwombo.

“Sindikufunanso kuigula,” anauza mayi Amina tsiku lina akutseka golosale. “Ndingoona manambala awiriwo basi, diso ili lisanatseke.”

Mayi Amina sanawaseke tsiku limenelo. Anawamvera chisoni, chifukwa anaona kuti amuna awo akuyang'ana pambali pang'ono, osati pamene iwo anaima.

M'nyengo yozizira ya chaka chotsatira, mwana wawo wamkazi, Munira, anabwera kwa amayi ake ndi khanda lake loyamba, Faizal. Kamnyamata kabwinobwino, koma kakalira mchombo unkatuluka ngati chala chachikulu. Kusikelo anamwino anati ausiye, udzalowa wokha, ndipo kunena zoona anamwinowo sananame. Koma uzani zimenezo agogo amene akuona mdzukulu woyamba! Mayi Amina ankangoti akamusambitsa apume mpweya wautali, akamuveka apumenso.

Ndiye tsiku la msika a Elena analowa m'golosale, tsopano ali mayi wa imvi, atafunda nsalu ziwiri chifukwa cha mphepo. Anamva kulira kuseri, anafunsa kuti mlendoyo ndani, ndipo mayi Amina anawalowetsa m'nyumba kuti akaone mwana. Che Yusufu anatsalira pakauntala, koma khomo linali lotsegula, makutu awo anali bwinobwino.

“Aaa, kamchombo aka ndi kakwathu aka!” anamveka a Elena akuseka. “Mwana ameneyu munakamuba ku Kaphuka eti? Musadandaule, mayi. Ndalama ija ili pakhomo, ikupuma, mwana wa Anselmo watha nayo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndibwera nayo.”

Che Yusufu anagwira kauntala ndi manja awiri. Zaka zonsezi akuisaka, lero ikubwera yokha ndi miyendo yake! Chimwemwe chinawakwera mpaka m'makutu. Anafuna kuthamangira kuseriko kuti akanene kuti mayi, muibweretse mmene ililimo, musaikhudze, musaitsuke. Koma anakumbukira za malata zija. Akaonetsa njala, mayiyu adzatinso wamalonda wayamba, ndipo ndalamayo idzapezeka kuti yapita ku Linthipe. Choncho a Elena potuluka, iwo anangoti, “Zikomo kwambiri, mayi,” ngati munthu amene wapatsidwa madzi akumwa.

A Elena anaima pang'ono pakhomo la pakati. Anayang'ana mkeka wopempherera umene unapindidwa pakona, anayang'ananso mawu a Chiarabu amene anapachikidwa pakhoma m'galasi. Anakhala ngati akuwerengera zina mumtima.

“Koma ndichedwa pang'ono,” anatero. “Pali choti ndikonze kaye.”

Che Yusufu anaganiza kuti akunena za kukumba kachewere.

Masiku otsatirawo anawavuta kuposa zaka zonse zija. Anapukuta galasi lawo mpaka mayi Amina anati lidzabooka. Anakonzeratu kabeseni, sopo wofewa ndi nthenga ya nkhuku yochotsera litsiro mosakanda golide. Galimoto ya matola ikaima, ankatuluka pakhonde n'kumayang'ana anthu otsika ngati mithunzi, akumvetsera mawu. Msika unadutsa, a Elena osaoneka. M'mawa uliwonse ankayesa diso lawo pa ndalama ya hatchi ija, ndipo m'mawa uliwonse hatchiyo inkaoneka kuti yalowa m'chifunga pang'ono kuposa dzulo. Anali ndi mantha, ndipo sankabisanso.

A Elena anafika tsiku lowala bwino, lopanda mtambo, mphepo yokhayokha. Anselmo anali pambuyo atasenza kathumba ka kachewere koti asiye pakhomopo. Mayi Amina anayala mphasa kuseri kwa nyumba, podzuwa, ndipo Munira anatuluka ndi mwana. Che Yusufu anatseka golosale masana, chinthu chimene sankachita kupatula Lachisanu, n'kukhala pampando galasi lili m'thumba la malaya. Moni anatenga nthawi yake: za ku Kaphuka, za chisanu chimene chinawotcha masamba kudimba, za feteleza amene wakwera. Kenako a Elena anakoka nsonga ya nsalu yawo n'kumasula mfundo ndi mano, chifukwa zala zawo ziwiri zinali zokulungidwa tinsanza. Anagwada n'kupereka ndalamayo ndi manja awiri.

Inawala. Mayi Amina anati “Mashallah!” ndipo Munira anaphimba pakamwa. Ngakhale diso lofooka lija linaona kuwalako.

Che Yusufu anailandira, ndipo dzanja lawo linadziwa msanga kuti yapepuka. Anayang'ana mbali imene inali pamwamba, yosalala. Chabwino, ndi ya kumimba ija. Anaitembenuza. Yosalalanso. Anaganiza kuti mwina aitembenuza kawiri mosadziwa, anaitembenuzanso. Kenako anati ndi disoli, latha lero lomwe, pa tsiku loterolo. Anatulutsa galasi, anapendekera kudzuwa. Diso linali likuonabe. Linaona timizere tambirimbiri tokandika, topita uku ndi uku, basi. Anayendetsa chala chachikulu pamenepo, osamva kanthu.

“Mayi,” anatero, mawu atauma, “mtanda uja uli kuti?”

“Ndauchotsa,” anayankha a Elena. “N'chimene ndachedwera. Ndingabweretse mtanda pamimba pa mwana wa Chisilamu ine? Ndakalamba, koma nzeru ndikadali nazo. Abale anu akanati chiyani pomusambitsa? A Shehe akanamva akanati chiyani? Akanati Elena walowa m'nyumba ya eni n'kubatiza mwana mwakabisira. Ayi, bambo. Munthu akakulandira bwino, sumulowetsera chimene iye salowetsa.”

“Ine ndinawaletsa,” anatero Anselmo atazyolika. “Sanandimvere. Mbandakucha ali kale kudambo, pamwala wonolera zikwanje, kukwecha. Mawa lake chimodzimodzi. Mpaka khungu la zala linatha.”

“Khala chete iwe, ndani wakufunsa? Mchombo wako unali woposa onse.”

Azimayi anaseka. Che Yusufu sanaseke. Mkwiyo unawagwira, mkwiyo weniweni, wofuna kukuwa. Ankafuna kunena kuti mayi inu, mwadziwa chimene mwachita? Chinthu chimene chinawoloka nyanja, chinakwera Zambezi, chinapulumuka nkhondo ndi njala, inu mwachimaliza pamwala wa zikwanje! Mukanandifunsa, ndikanangoikulunga m'kansalu, mtandawo ndani akanauona? Koma mumtima momwemo mawu ena anawayankha kuti akanakufunsa bwanji, iwe unangoti zikomo.

“Manambala amene anali pamwamba pa mtandawo,” anafunsa pang'onopang'ono, “munawaona?”

“Anali manambala? Ine ndinkayesa maluwa.” A Elena anaganiza kaye, chifukwa anali munthu wosakonda kunama. “Litsiro litachoka panatuluka tizinthu tinayi, tooneka bwino ndithu, ngati tangolembedwa dzulo. Ndinati ha, taonani zimene zinabisala. Kena kanali kokhota ngati chikwakwa. Kapena kokhotako kanali kenako, kaya. Sukulu ine sindinapondeko, bambo. Ndinangopitiriza kukwecha.”

Che Yusufu anatseka maso. Ndiye kuti manambalawo anatuluka, anaona dzuwa la ku Kaphuka m'mawa umodzi, atabisala zaka zosawerengeka, ndipo Anselmo wodziwa kuwerenga anali kudimba akuthirira kabichi. Anamva chisoni chachikulu, chonga cha maliro, ndipo anachita manyazi kuti akulirira manambala pamaso pa alendo.

Atatsegula maso anaona chinthu chimene poyamba sanachione. Onse pamphasapo ankayang'ana ndalamayo: mayi Amina, Munira, ngakhale Anselmo. A Elena okha ndi amene sankaiyang'ana. Nkhope yawo inali itatembenukira kuphiri, ndipo dzanja la tinsanza lija linali litagwira korona imene inali m'khosi mwawo. Che Yusufu anakumbukira mawu a pakhonde aja, kuti mtanda umayang'ana kunja kuti choipa chikumane nawo poyamba. Kwa iwo unali chizindikiro cha chaka. Kwa mayiyu unali mlonda wa ana onse a mtundu wawo, ndipo anaufafaniza ndi zala zawo chifukwa cha mdzukulu wa munthu wogulitsa mchere.

“Nanga ana a kwanu amene adzabadwe?” anafunsa.

“Adzavala yomweyo,” anatero a Elena, osatembenuka. “Mtandawo ndizidzawalemba ndi chala pachipumi. Ndikuudziwa.” Anafinya korona ija. “Amayi anga ankaupsompsona asanamange mwana aliyense. Ndinawapepesa kudamboko. Amva, anali munthu womvetsa.”

Kumsewu kunadutsa galimoto ya chipani china ikuimba nyimbo pa chimkuzamawu, mpaka inakazimiririka cha ku boma.

Kenako a Elena anadzikonza, anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu, n'kutembenukira kwa Che Yusufu.

“Poti galasi lanulo lili m'manja, tandionereni, bambo. Maso angawa ndi akale. Mwina patsala kamwendo ka mtanda penapake, ndingachite manyazi. Yayera bwino?”

Che Yusufu anaweramanso. Anayang'ana nthawi yaitali, kuyambira m'mphepete, kuzungulira, kufika pamene anakumbukira kuti panali 1 ndi 7. Anapendeketsa ndalamayo uku, anaipendeketsa uko, akupempha mumtima kuti mwalawo ukhale utaphonya pena, ngakhale kamchira ka nambala imodzi. Diso linatuluka misozi chifukwa cha kuwala, anaipukuta n'kuyang'ananso. A Elena anali mlimi wosasiya udzu pamzere. Ntchito yawo anaigwira yonse.

“Yayera, mayi,” anatero. “Palibe chatsala.”

“Eya, zikomo,” anapuma a Elena. “Ndiye mtima wanga wakhala pansi.”

Che Yusufu anapereka ndalamayo kwa Munira, amene anali atakonza kale kansalu koyera. Munira anaitembenuza m'manja, akuopa kulakwitsa mwambo wa eni ake.

“Agogo, mbali iti iyang'ane kunja?”

“Iliyonse, mwanangu. Tsopano zonse n'chimodzimodzi.”

Faizal analira pang'ono golide wozizira atamukhudza, kenako anatonthola. Atamumanga, Munira anamuika m'manja mwa agogo ake aamuna. Che Yusufu anamufungatira, ndipo chala chawo chinapeza kanthu kolimba kozungulira pansi pa kansalu, kakukwera ndi kutsika pamodzi ndi mpweya wa mwanayo. Anachisiya pomwepo chalacho. Ndi dzanja linalo anapatsa mayi Amina galasi lija.

“Ukaliike m'kachitini,” anatero. “Ndipo pashelefu ya mankhwala pali mafuta a zilonda. Utenge botolo lalikululo, uwadzoze mayiwa zala tiyi asanafike.”